Achimwene a Hilux, musayambire kukweza galimoto

Achimwene, mwafunsa ngati Hilux yanu ya dizilo, imene mukufuna kuti muziyendera ku Misuku ndi ku Nyika dzinja likubwerali, muikweze ndi mainchesi 4 ndi kuika matayala akuluakulu a matope komanso snorkel (paipi yokokera mpweya wa injini m'mwamba). Ndaona ambiri pano akuti kwezani basi. Ine ndikuti dikirani kaye.

Gwadani kumbuyo kwa galimotoyo musuzumire pansi. Chimene chayandikira kwambiri nthaka ndi chimphika cha difu chija, chimene chili pakati pa mawilo akumbuyo n'kumagawira mphamvu ku mawilowo. Mukalowa m'ngalande zimene matayala a malole akumba, chimphikacho n'chimene chimakhala pa kamtumbira ka pakati, mawilo n'kumangozungulira m'malere. Ngakhale mukweze bodi kufika kumwamba, difu imakhalabe pomwepo. Chokweza difu ndi tayala lokha.

Ndiye yambani ndi matayala. Ngati muli ndi 265/65R17, pitani pa 265/70R17. Tayala limeneli ndi lalitali ndi mamilimita 27, kutanthauza kuti difu yakwera ndi 13. Zikumveka zochepa, koma pa kamtumbira paja zimasiyanitsa wodutsa ndi wogona m'tchire. Kumbukirani kuti muvi wa liwiro ukamaloza 100 ndiye kuti mukuthamanga cha m'ma 103, apolisi a kamera sakamva zoti munasintha matayala. Pa mtundu wake, ganizirani ulendo wanu wonse. Kuchoka ku Lilongwe kukafika ku Karonga ndi phula la M1, matope mukawapeza kumapeto. Matayala a matope (MT) amalira pa phula ngati ndege, amadya mafuta, ndipo mvula ikagwa pa tala sagwira bwino. A AT, oyenda pa phula ndi pa dothi pomwe, okhala ndi m'mbali molimba akukwanirani. Mugule asanu ofanana, sipeya isakhale yaing'ono.

Za kukwezazo ndili ndi chipsera. Makaniko wina anandiikira zitsulo pamwamba pa masipuling'i akutsogolo, galimoto inaoneka ngati ya asilikali, anthu pa depoti n'kumaicheukira. Sipanathe miyezi, labala wa CV (mfundo ya shaft yozungulitsa wilo lakutsogolo) anang'ambika, girizi yense n'kumwazikira mkati mwa wilo. Tsiku lina ndikukwera msewu wa Golodi wochoka ku Chitimba kupita ku Livingstonia, pa kona ina mwa makona 20 aja, ndinangomva kho kho kho kutsogolo. Ndinatsika mtima uli m'mwamba, phompho lili pambali. Chifukwa chake n'chakuti Hilux ya masiku ano, kutsogolo wilo lililonse limayenda palokha, ndipo ma shaft ake anawapangira kuti azigona pafupifupi mowongoka. Mukakweza kwambiri amapendekeka, ndiye amadyeka msanga. Land Cruiser 79 ndi nkhani ina chifukwa ekiselo yake yakutsogolo ndi chitsulo chimodzi. Pa yanuyo musapitirire mamilimita 50 (pafupifupi mainchesi 2), ndipo zikhale ma shock ndi masipuling'i enieni opangidwira katundu amene mumanyamula. Mukatero kachititseni alayimenti tsiku lomwelo. Galimoto yokwera kwambiri imagubuduzikanso mosavuta m'misewu yopendekeka ya ku Misuku, makamaka mukasanjikiza matumba padenga.

Chinthu chotchipa chimene ambiri amachinyoza ndi pampu ya mpweya yolumikiza ku batire, pamodzi ndi koyezera mpweya kake. Pa msewu wa miyala wochoka ku Rumphi kudzera pa geti ya Thazima mpaka ku Chelinda, tsitsani mpweya wa m'matayala kufika cha m'ma 1.8 bar pa koyezerako, galimoto isiya kudumphadumpha. Mu mchenga wa kunyanja mutha kufika 1.2, tayala limaphwatalala ngati phazi la njovu n'kumayenda pamwamba. Mukabwerera pa phula popaninso musanathamange, apo ayi tayala litentha n'kuphulika.

Snorkel siisandutsa galimoto kukhala bwato. Phindu lake lalikulu kuno ndi fumbi la mu Okutobala, chifukwa imakoka mpweya m'mwamba. Ngati mumaoloka mitsinje, ganiziraninso timapaipi topumira ta difu ndi giyabokosi. Difu yotentha ikalowa m'madzi ozizira imayamwa madzi, oilo n'kusanduka ngati phala la mkaka, inu osadziwa mpaka italira. Kutalikitsa timapaipito kufika m'mwamba pafupi ndi injini ndi ntchito ya ola limodzi. Ndipo mtsinje wosefukira, umene munthu sangauoloke wapansi, udikireni uphwe.

Onaninso ngati yanuyo ili ndi batani la diff lock, chifukwa ena ali nalo koma sanalikhudzepo. Limamanga mawilo akumbuyo kuti azizungulira limodzi, ndipo pa makande a ku Chikwawa, amene amamata tayala mpaka kusalala ngati sopo, limathandiza kuposa kukweza kulikonse. Lizimitseni mukangotuluka m'matopemo. Chimodzimodzi 4H ndi 4L, zokokera mawilo onse anayi: lowetsani musanatitimire, ndipo pa phula louma bwererani pa 2H, ya mawilo awiri, kuti musapotokole zitsulo.

Pansi pa injini ikanipo chitsulo chotchinga sampu, mphika wa oilo uja. Bull bar (chitsulo chotchinga kutsogolo kwa galimoto) ya owotcherera a m'mbali mwa msewu ndiye ayi, imalemera, imafooketsa masipuling'i, ndipo itha kusokoneza ma airbag. Pokokedwa musamange chingwe pa kampira ka ngolo kaja. Kakathyoka kamauluka ngati chipolopolo, kapha anthu m'mayiko ambiri. Mangani pa ngowe zomangidwa ku chasisi. M'galimoto musasowe khasu, chikwanje ndi thabwa lokhuthala loikapo jeke pa matope.

Chilichonse chimene mwasintha auzeni a inshuwalansi molemba. Mutiuzenso chaka cha Hilux yanuyo ndi saizi yolembedwa pa tayala, tione ngati 265/70 ilowa osakhula pokhota.