Za injini zopinda mpope pa ndege zozemba radar

Achimwene, mwafunsa ngati injini zopinda mpope wa kumbuyo wotulutsira mpweya wotentha zili ndi phindu pa ndege zankhondo zozemba radar, makina owonera ndege zili patali. Kwa ine lilipo, koma n'lochepa. F-22 ya ku America imapinda mipope yake madigiri 20 m'mwamba ndi pansi, ndiye imatembenuka mwadzidzidzi ngati wakabaza pa depoti ya Lilongwe, ngakhale ikuuluka pang'onopang'ono. Komatu kutero kumadya liwiro, zitsulozo n'zolemera, ndipo amakaniko amatopa nazo. Ndege yotere ntchito yake n'kuponya mzinga ili patali, mdani asanaiwone n'komwe. F-35A, ndege inanso ya ku America yozemba radar, ilibe mpope wopindika. Inzake F-35B imapinda mpope kuloza pansi, inde, koma n'cholinga choti inyamuke pamalo aafupi ndi kutera choimirira basi.