Funsani Malume: Kodi pa 3 Malichi tingavine?

Malume, ndine mlembi wa gulu la achinyamata kuno ku Lizulu. Masiku okumbukira za dziko lathu timangowamvera pa wailesi, zonse zimachitikira kutali. Chaka chino tinagwirizana kuti pa 3 Malichi tichite zathu pabwalo la sukulu: mpira wamiyendo, wa ntchemberembaye, ngoma, kenako disiko mpaka usiku. Titakawauza amfumu, anapukusa mutu nati tsikulo si lovina. Anzanga akuti amenewo ndi maganizo a nthawi ya Kamuzu. Titani?

Mnyamata wa ku Lizulu, Ntcheu

Mphwanga, anzanuwo sakunama kwenikweni. Ife amene tinakula nthawi ya chipani chimodzi tikukumbukira: pa 3 Malichi wailesi inkangoulutsa nyimbo zachisoni, malo omwera mowa ankatsekedwa, ndipo munthu wopezeka akusangalala ankaona zakuda. Ambiri tinkakhala chete chifukwa cha mantha. Koma musawaponyere amfumu m'dengu limenelo musanawafunse chimene akukumbukira.

Mbandakucha wa pa 3 Malichi 1959, bwanamkubwa Robert Armitage analamula kuti atsogoleri a Nyasaland African Congress amangidwe chifukwa chokana chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland. Dr Banda anapita naye kundende ya Gwelo, ena ku Khami (konseko ndi ku Southern Rhodesia, komwe lero ndi Zimbabwe), ena anawatsekera ku Kanjedza ku Limbe. Ku Nkhata Bay, omangidwa anawakweza m'sitima ya Mpasa, ndipo anthu atakhamukira kudoko kuti abale awo amasulidwe, asilikali anawaombera. Lipoti la Devlin, woweruza amene boma la Britain linamutuma kudzafufuza nkhaniyi, linati pamenepo panafa anthu 20, eni ake a ku Nkhata Bay amawerenga 31. Dziko lonse, lipotilo linapeza kuti anaphedwa anthu 51. Anthu a ku Nkhata Bay mpaka lero amasonkhana chaka ndi chaka, kupemphera ndi kuika nkhata za maluwa. Ndiye inu mukafike ndi zimkuzamawu zadisiko pa tsiku lotere? Ayi, pamenepo ndili kumbali ya amfumu.

Pomwe ndikusiyana nawo ndi apa: kukumbukira si kukhala m'nyumba manja ali m'khosi. Taganizani za tsiku lomanga chiliza. Anthu amayamba ndi kumanda, mayina amatchulidwa, ena misozi imalengeza, koma pobwerako pamakhala nsima ndi kuseka. Inunso teroni. M'mawa itanani abusa, ashehe ndi amfumu, mapemphero akhale aafupi, kenako mpereke mpando kwa agogo amene anali ndi nzeru kale mu 1959. Atsala ochepa, ndipo chaka chilichonse akuchepera. Afunseni amene anamangidwa m'dera lanu, amene anathawira kutsidya kwa Apwitikizi ku Mozambique, amene ankabisa khadi la Congress kudenga. Poti ndinu mlembi, lembani mayinawo m'kope, ena ajambule mawu pa foni, ana asukulu adzawawerenge pagulu chaka chamawa. Chimene chidzapatse Lizulu ulemu ndi mayina ake enieni, chifukwa a Lilongwe sadzabwera kudzakulemberani.

Za ngoma musade nkhawa. Inu Angoni mukudziwa kuposa ine kuti ngoma imavinidwa ndi pamaliro pomwe, makamaka a akuluakulu. Mukawauza amfumu kuti amuna adzaponda ngoma polemekeza omwe anafera dziko, sindikuona akukana. Mpira udzakhale masana, mwambo utatha. Chikho chake mukhoza kuchitcha dzina la mmodzi mwa anthu amene agogo adzatchule, achibale ake akavomera.

Disikoyo isungireni pa 6 Julaye. Limenelo ndiye tsiku lachisangalalo: Dr Banda anatera pa Chileka pa 6 Julaye 1958, ufulu tinalandira pa 6 Julaye 1964, ndipo dziko linakhala Ripabuliki pa 6 Julaye 1966. Komanso kunena zoona, Malichi ndi mwezi woipa kusonkhetsa ndalama. Mvula ili mkati, nkhokwe zili mbee, anthu akudikira dowe ndi maungu. Mu Julaye akolola, amalonda a mbatata ndi kabichi apamsika panupo ali ndi kangachepe m'thumba, ndipo ukapempha mbuzi sakuyang'ana ngati wamisala. Kungoti kwanuko kumazizira zedi nthawi imeneyo, yambani msanga kuti ana abwerere dzuwa lisanalowe.

Chenjezo langa ndi la pachipata. Pa 6 Julaye 2017 anthu 8, ambiri mwa iwo ana, anafa popanikizana polowa m'bwalo la Bingu ku Lilongwe. Bwalo lanu ndi laling'ono, koma ana akamva zaulere amathamanga chimodzimodzi. Adziwitseni apolisi pasadakhale, ikani akuluakulu polowera, ndipo ngati pali zogawa, gawani ana atakhala pansi. Andale akafuna kuthandiza landirani, koma nsalu za chipani azisiye kunyumba, pabwalopo pauluke mbendera ya dziko yokha.

Pobwerera kwa amfumu musapite gulu lonse. Pitani awiri, mutenge ndi mkulu mmodzi amene iwo amamumvera, ndipo muyambe ndi kuwapempha kuti iwowo adzatsegulire mwambowo.

Malume