Mwana wanga amadandaula m'mimba nthawi ya sukulu ikakwana

Funso: Adokotala, mwana wanga wazaka 6 wayamba Sitandade 1 mu Seputembala. M'mawa uliwonse amalira kuti m'mimba mukupweteka, tikafika pageti amakakamira chitenje changa. Koma Loweruka ndi Lamulungu amadzuka bwinobwino n'kumathamanga ndi anzake. Bambo ake akuti ndi matama, akufunika kamkwapulo. Nditani?
Mayi wa ku Ndirande

Yankho: Mayi, bambowo mkwapulo auike kaye pansi. Mwanayu sakunama ayi. Munthu akachita mantha thupi limatulutsa m'magazi timadzi totchedwa adrenaline, mtima umagunda msanga, matumbo nawo amapotokola. Wamkulu amadziwa kuti ndi nkhawa. Mwana wazaka 6 mawu amenewo sanawadziwe, ndiye amangoloza pamchombo.

Thupi likatentha, akamasanza, kutsegula m'mimba, kuwonda, kapena ululu ukamamudzutsa usiku, thamangirani kuchipatala akamuyeze malungo ndi njoka za m'mimba. Ngati zonsezi palibe, ntchito ili m'manja mwanu.

Madzulo musamufunse kuti "kusukulu kunali bwanji?" chifukwa adzangoti "bwino". Mufunseni kuti anakhala ndi ndani, anasewera chiyani, chinamuopsa n'chiyani. Ana ambiri a msinkhu uwu amaopa chimbudzi cha kusukulu, amaona ngati agwera m'dzenje, mpaka amasunga mkodzo tsiku lonse. Ena pali mnzawo amene amawalanda kamba. Akanena, mutchulireni dzina la chomwe akumvacho: "Amenewo ndi mantha, mwanawe. Nanenso ndinkaopa ndili ngati iwe." Mawu akuti "mwamuna salira" asiyeni, amangomutseka pakamwa.

Muphunzitseni kukoka mpweya ndi mphuno, kenako kuutulutsa pang'onopang'ono ngati akuuzira phala lotentha, kasanu. Muziyeserera limodzi kunyumba ali wosangalala, kuti mantha akabwera akumbukire yekha.

Pageti musazembe, komanso musachedwe. Muuzeni kuti "ndikupeza ukaweruka", ndipo mubweredi pa nthawi yake. Musamujombetse chifukwa cha chisoni: akakhala kunyumba lero, mawa misozi imachuluka. Kaonaneni ndi aphunzitsi ake, chifukwa m'kalasi yodzaza ana mwana wofatsa saoneka msanga. Apempheni amukhazike kutsogolo pafupi ndi mnzake amene amamudziwa.

Akaulula kuti wina amamumenya kapena kumugwira malo obisika, kauzeni ahedi tsiku lomwelo, ndipo imbani 116, nambala yaulere yothandiza ana. Pakatha mwezi osasintha, kapena akayambiranso kukodza pogona, bwerani naye kuchipatala timuone.