Kodi pulogalamu yomwe ikugwira ntchito ingamasulidwe ku disiki yomwe inachokera?

Bambo wina wa ku Area 3 kuno ku Lilongwe wanditumizira funso pa imelo. Akuti anayatsa pulogalamu kuchokera pa fulashi pa kompyuta ya Linux ya mu ofesi yawo, ndipo akufuna kuchotsa fulashiyo pulogalamuyo ikupitiriza ntchito, koma lamulo la umount, lomwe limamasula disiki kuti ichotsedwe bwinobwino, likukana ndi uthenga wakuti "target is busy".

Bambo, kukanaku kuli ndi chifukwa chomveka. Pulogalamu ikamayatsidwa, kernel, phata la Linux lomwe limayang'anira memory ndi madisiki, siikopera fayilo yonse mu RAM (memory yomwe kompyuta imagwiriramo ntchito), koma imangoilumikiza ndi memory n'kumawerenga tizidutswa take, ta 4 KiB pa makompyuta ambiri, pokhapokha tikafunika. RAM ikachepa, kernel imataya tina mwa tizidutswato podalira kuti idzatiwerenganso pa disiki. Choncho fayiloyo imakhala yogwiridwa mpaka pulogalamuyo itatha, ndipo mukhoza kudzionera nokha pa /proc/PID/exe ndi /proc/PID/maps (PID ndi nambala ya pulogalamu yomwe ikuyenda). Foda yomwe munalimo poyatsa, mafayilo otsegula ndi ma library (mafayilo othandizira omwe pulogalamu imadalira) ochokera pa fulashiyo nazonso zimaigwira, ndipo lamulo la fuser -vm limakuonetsani onse amene akuigwira.

Ambiri angakuuzeni kuti mulembe umount -l, njira yomwe ilipo kuyambira pa Linux 2.4.11. Ine ndikukuchenjezani kwambiri pa njira imeneyi, chifukwa imangochotsa disikiyo pa mndandanda wa mafoda pamene kernel ikuigwiritsabe ntchito. Mukazula fulashiyo, pulogalamuyo ipitiriza kwa kanthawi ngati zonse zili bwino, koma ikangofuna kachidutswa komwe kalibe mu RAM, ilandira SIGBUS, chizindikiro cha kernel chakuti memory yalephera kuwerengeka, n'kufa, mwinanso ili pakati polemba zinthu zofunika. mlockall, yomwe pulogalamu imaitana yokha, imathandiza kusunga tizidutswa tonse mu RAM, koma siimasula fayiloyo, kotero umount wamba ukanabe.

Njira yodalirika ndi yakuti pulogalamuyo iyambirenso kuchokera pa malo ena. Koperani fayiloyo mu tmpfs, monga /dev/shm, yomwe imakhala mu RAM, kenako lembani cd / musanaiyatse kuchokera pamenepo. Onetsetsani kuti malowo sanaikidwe noexec (yomwe imaletsa kuyatsirapo mapulogalamu), ndipo yang'anani ndi ldd ngati pali library yochokera pa fulashiyo yofunika kuikopera limodzi. Ngati pulogalamuyo munailemba nokha, ikhoza kudzikopera yokha ndi memfd_create, yomwe imapanga fayilo mu RAM ndipo inabwera pa Linux 3.17 mu 2014, n'kudziyatsanso ndi fexecve. PID siisintha ndipo mafayilo otsegula akhoza kutsalabe otsegula, koma zonse zomwe zinali mu memory yake zimafufutika, choncho iyenera kuzisunga kaye kwina. Ngakhale systemd, pulogalamu yomwe imayatsa ndi kuzimitsa mapulogalamu ena pa Linux, imachita zofanana ndi zimenezi pozimitsa kompyuta, pamene imasamukira mu /run/initramfs kuti imasule disiki yaikulu.

Pa pulogalamu yomwe ikugwira kale ntchito ndipo simunailembe ndinu, palinso PR_SET_MM_EXE_FILE ya prctl, njira yosinthira fayilo yomwe /proc/PID/exe ikuloza, yomwe CRIU (chida chosungira pulogalamu yoyenda n'kudzaiyambitsanso) imagwiritsa ntchito, koma kernel imaikana ngati fayilo yakaleyo idakali yolumikizidwa ndi memory, ndipo kumasula zimenezo pulogalamu ikuyenda ndi ntchito yosavuta kuilakwitsa. Pa kompyuta ya mu ofesi sindingakulimbikitseni kuyesa. Dikirani anzanu aweruke, muzimitse pulogalamuyo bwinobwino, muikopere pa disiki ya kompyutayo kapena mu tmpfs, muiyatsenso, ndipo fuser ikasonyeza kuti palibe akugwira fulashiyo, umount wamba uvomera ndipo mukhoza kuizula.