Chifukwa chake mnzanu wa ku Jordan akukana kutchedwa Mwarabu

Mwafunsa kuti zitheka bwanji munthu wobadwira ku Amman, likulu la Jordan, Msilamu, wolankhula Chiarabu, n'kumanena kuti iye ndi wa mtundu wa Circassian, osati Mwarabu. Sakunama, ndiponso sikudzikweza.

Makolo ake anachokera kumpoto chakumadzulo kwa mapiri a Caucasus, m'mphepete mwa nyanja ya Black Sea. Eni ake amadzitcha Adyghe. Analimbana ndi asilikali a Russia kwa zaka pafupifupi 100 mpaka pa 21 May 1864, pamene Russia inakondwerera kupambana pa Kbaada, malo omwe lero ndi Krasnaya Polyana pafupi ndi Sochi. Asilikaliwo anakweza ochuluka m'zombo kuwapirikitsira ku ufumu wa Ottoman, umene unkalamulira dera lomwe lero ndi Turkey ndi Jordan, ndipo miyandamiyanda anafera m'njira ndi njala komanso nthomba. Pa 21 May amalira maliro chaka ndi chaka, n'chifukwa chake masewera a Olympics a ku Sochi mu 2014 anawawawa kwambiri. Dziko la Georgia linavomereza mu 2011 kuti kunali kupulula mtundu, koma Russia imakanabe.

Ku Jordan, a fuko la Shapsug, limodzi la mafuko a mtunduwu, anafika pa mabwinja a Amman mu 1878. Poyamba ankakangana ndi Abedouin, Aarabu oweta ziweto m'chipululu, pa nkhani ya madzi ndi msipu, koma kenaka anagwirizana ndi banja lachifumu. Mpaka lero alonda a kunyumba ya mfumu amene amavala chovala cha ku Caucasus ndi a mtundu umenewu, ndipo mmodzi wa iwo, Sa'id al-Mufti, anakhala nduna yaikulu mu 1950.

Chimene chimawasiyanitsa kwenikweni si chipembedzo, poti anansi awo nawonso ndi Asilamu. Ndi mwambo wawo wotchedwa Adyghe Xabze. Wamkulu akalowa, wamng'ono amaimirira. Akamayenda awiri, wamng'ono amakhala kumanzere. Paukwati pamakhala mkulu wotchedwa thamada, amene mawu ake sabwezedwa. Koma malire enieni ali pa ukwati: sukwatira wachibale mpaka mibadwo 7. Ukwati wa pachisuweni, umene Aarabu ambiri amauona wabwinobwino, kwa iwo ndi malaulo. Lamulo limeneli limachititsa achinyamata kukafuna mbeta kumidzi ina ya mtundu wawo, motero chibale chimafalikira kutali.

Chodetsa nkhawa ndi chilankhulo, makamaka ku Turkey komwe kuli ambiri kuposa dziko lina lililonse. Lamulo la 1934 linawakakamiza kutenga maina a Chituruki, ndipo makolo atasamukira m'mizinda anasiya kulankhula ndi ana m'chinenero chawo. Chilankhulo cha fuko la Ubykh, abale awo a ku Caucasus, chinatheratu mu 1992 pomwalira Tevfik Esenç, munthu womaliza kuchilankhula bwino. Kuyambira 2012 mwana angathe kusankha kuphunzira Adyghe kusukulu, koma mavuto ndi awiri. Mabuku a ku Caucasus amalembedwa m'zilembo za Cyrillic, zonga za Chirasha, pomwe mwana wa ku Turkey amadziwa za Latin, ndipo mabungwe awo sagwirizana kuti atsate ziti. Komanso kalembedwe kali pawiri, ka ku Maykop ndi ka fuko la Kabardian ka ku Nalchik (mizinda iwiri ya ku Caucasus), kotero buku limene mwana wapatsidwa nthawi zina silifanana ndi mmene agogo ake amalankhulira. Palinso mkangano wina: ku Turkey dzina loti Çerkes, lomwe ndi Circassian m'Chituruki, limaphatikizanso mitundu ina ya ku Caucasus monga Aabkhaz, Aossetian ndi Achechen, ndiye ena amafuna mabungwe a onse a ku Caucasus, ena a Adyghe okhaokha.

Kumene chilankhulo chalimba ndi ku Kfar Kama ku Israel, mudzi wa anthu masauzande ochepa chabe. Amakhala pamodzi, amakwatirana okhaokha, ndipo ana amachiphunzira kusukulu pamodzi ndi Chiheberi, Chiarabu ndi Chingerezi. Ku Jordan n'zosiyana: achinyamata ambiri amavina bwino magule a makolo ndi kusunga Xabze, koma kukambirana ndi agogo mu Adyghe sangathe. Mnzanuyo mukamufunsa ngati amachilankhula, mufunse mosamala, chifukwa nkhaniyi ambiri imawapweteka mumtima.