Chotupa si khansa, maere si chisawawa: mayankho pa mawu a m'chipatala

Mafunso amene ndalandira masabata apitawa achokera kwa anthu amene akumasulira zikalata za m'chipatala, komanso kwa ena amene akudwazika abale awo. Onse akukhudza ubongo, mtima ndi kafukufuku wa mankhwala. Ine si dokotala, ntchito yanga ndi ya mawu, koma mawu akalakwika pa bedi la wodwala, amene amavutika ndi wodwalayo.

Mayi wina amene akudwazika mchimwene wake wafunsa: "Adokotala akuti ali ndi chotupa mu ubongo. Kodi chotupa ndi khansa n'chimodzi? Kunyumba ena ayamba kale kulira."

Pepani ndi matenda, mayi. Si chimodzi ayi. Mawu akuti chotupa akuchokera ku mneni woti kutupa, ndipo amangonena chimene maso kapena makina aona: pali chinthu chimene chakula pamalo pomwe sichiyenera kukhala. Chithupsa ndi chotupa, bondo likagunda mwala limatupa. Khansa ndi mawu obwereka, ndipo tanthauzo lake ndi lochepa kuposa pamenepo. Amanena za maselo amene akuswana mosalekeza n'kumalowerera m'minofu yoyandikana nayo. Choncho khansa ya mu ubongo ndi chotupa, koma si chotupa chilichonse chimene chili khansa.

Tengani mtundu wina umene madokotala amautcha meningioma, dzina limene dokotala wa ku America, Harvey Cushing, anaupatsa mu 1922. Umenewu umamera pa nembanemba zokuta ubongo, osati m'kati mwa ubongo weniweniwo. Zambiri mwa zotupa zimenezi si khansa, zimakula pang'onopang'ono, ndipo zambiri zimachotseka. Pali mtundu winanso wotchedwa glioma, wochokera ku maselo amene amachirikiza ubongo. Dzina la maselowo linatengedwa ku mawu a Chigiriki otanthauza chomatira, chifukwa akale ankaganiza kuti ntchito yawo n'kungomata ubongo pamodzi ngati ulimbo. M'banja la glioma ndimo muli glioblastoma, chotupa chaukali kwambiri. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limaika zotupa za mu ubongo m'magiredi anayi, kuyambira 1 mpaka 4, ndipo glioblastoma ili pa 4.

Apa ndipamene ndimasemphana ndi omasulira ambiri. Mawu a Chingerezi akuti benign amakonda kuwamasulira kuti "chotupa chosaopsa". Ine sindigwirizana nazo. Chibade cha munthu wamkulu sichifutukuka. Chinthu chikamakula m'kati mwake, kaya ndi khansa kaya ayi, chimapanikiza ubongo, ndipo munthu akhoza kusiya kuona, kufooka mbali imodzi kapena kuyamba kugwa ngati wa khunyu. Mukamuuza kuti n'chosaopsa, bwanji abwererenso kuchipatala? Enanso amati "chosafalikira", koma apanso pali vuto, chifukwa ngakhale khansa yoyambira mu ubongo kawirikawiri sipita ku ziwalo zina za thupi. Ukali wake uli pa kulowerera, monga mmene madzi amalowerera m'thonje. Ndi bwino kungonena chilungamo: "chotupa chomwe si khansa", kenaka n'kuwonjezera ngati chikukula msanga kapena pang'onopang'ono.

Tisiyanitsenso "khansa ya mu ubongo" ndi "khansa ya m'mapapo yomwe yafika mu ubongo". Yachiwiriyi inayambira kwina, ndipo chithandizo chake chimatsata komwe inachokerako. Mayi, mukapitanso kwa adokotala funsani kuti, "Chotupachi ndi cha mtundu wanji, ndipo chili pa giredi yanji?" Nthawi zambiri yankho lenileni limabwera akadula kachidutswa n'kukakapima. Olirawo auzeni ayambe adikira.

Mtolankhani wina akuti analemba kuti "dokotala wa mutu" pofuna kunena za neurosurgeon, ndipo anzake anamuseka. Akufunsa chimene analakwitsa.

Chimene chinachitika n'chakuti mutu m'Chichewa umasenza nzeru. Timati uje mutu wake sukuyenda bwino, uje wazungulira mutu, nkhani iyi ilibe mutu. Ndiye mukati "dokotala wa mutu", womvera amaganiza za misala. Ngakhale kunena kuti "ali ndi vuto la mu ubongo" kumamveka chimodzimodzi ngati simunafotokoze, ndipo wodwala chotupa amayamba kulozedwa zala pa matenda amene alibe.

Pali madokotala atatu amene tisamawasakanize. Wina ndi dokotala wa matenda a maganizo. Wina ndi dokotala wa matenda a ubongo, amene amapima ndi kupereka mankhwala pa matenda monga khunyu ndi sitiroko. Wachitatuyo, amene inu mumafuna, ndi dokotala wochita maopaleshoni a ubongo ndi msana. Ndi mawu ataliatali, inde, koma mukawanena kamodzi koyambirira kwa nkhani, kutsogoloko mukhoza kumangoti dokotalayo.

Samalaninso ndi mneni. Ndimamva anthu akuti "amung'amba mutu". Timang'amba nsalu, timang'amba pepala, ndipo chong'ambidwa sichibwerera mwakale. Zimene amachita madokotala n'kutsegula chibade: amadula kagawo ka fupa, amagwira ntchito yawo, kenaka amakabwezeretsa. Ntchitoyi si yachilendo. Mu 1884, Rickman Godlee anachotsa chotupa mu ubongo wa munthu ku London. Ndipo pali maopaleshoni ena amene wodwala amakhala ali maso, njira imene Wilder Penfield anaigwiritsa ntchito kwambiri ku Montreal. Ubongo pawokha sumva ululu, choncho amachititsa dzanzi khungu la m'mutu, ndipo pochotsa chotupa chimene chili pafupi ndi malo olamulira kulankhula amauza wodwalayo kuti aziwerenga manambala kapena kutchula zithunzi. Akayamba kudodoma, dokotala amadziwa kuti apa m'posakhudza. Lembani kuti "ali maso". Musalembe kuti "popanda mankhwala", chifukwa si zoona ndipo muopseza anthu.

Funso lalifupi: opaleshoni kapena opareshoni?

Opaleshoni. Malamulo a kalembedwe ka Chichewa amati r timalemba pambuyo pa i ndi e, monga mu kulira ndi kubwera, ndipo kwina konse timalemba l. Apa lemba lotsogola ndi a. N'chifukwa chake timalembanso dokotala. Zambiri ndi maopaleshoni.

Wophunzira unamwino walemba kuti: "Ndikauza wodwala mtima kuti amuika catheter, amaganiza za kachubu kotulutsira mkodzo. Ndikati opaleshoni ya mtima, amachita mantha kuti amutsegula chifuwa. Ndizinena bwanji?"

Odwala anuwo sakulakwa. Mawuwo anawamvapo pa nkhani ya mkodzo, ndipo n'zimene zinakhazikika. Catheter ndi kachubu basi, kakang'ono, kofewa, kotha kupindika. Chimene chimasiyanitsa ndi kumene kakupita ndi chimene kakukachita, ndipo Chichewa chimafotokoza zimenezi bwino kwambiri chifukwa aneni athu amasenza zambiri. Munganene kuti: "Akulowetsani kachubu kakang'ono mumtsempha wa magazi wa pamkono, pafupi ndi dzanja, kapena wa m'mphechepeche, ndipo kayenda mumtsemphamo mpaka kukafika kumtima. Chifuwa satsegula." Mawu akuti mphechepeche musachite nawo manyazi, ngakhale ana amawadziwa chifukwa cha mwambi uja wa njovu, ndipo ndi aulemu kuposa ena amene mungawaganizire.

Koma onetsetsani kuti mwanena "wa magazi". Mtsempha m'Chichewa ndi dzina la zinthu zingapo: wotenga magazi kuchokera kumtima, wobweza magazi kumtima, wonyamula mauthenga a ubongo, ngakhalenso uja wolimba wa kuchidendene. Pocheza izi sizivuta. Pa kalata yoti munthu asayine zimavuta, chifukwa "mtsempha watsekeka" ndi "mtsempha wapanikizika" ndi matenda awiri a madokotala awiri osiyana. Ine ndimalemba "mtsempha wa magazi" ndi "mtsempha wa mauthenga", ndipo ija yaing'ono yozungulira mtima ndimaitcha "mitsempha yodyetsa mtima". Ukatsekeka umodzi mwa imeneyi, gawo la mnofu wa mtima limasowa magazi n'kuyamba kufa. Kumeneku si "kuima kwa mtima". Mtima ukhoza kumagundabe munthu akumva ululu pachifuwa, ndipo m'pamene kachubu kaja kamapulumutsa moyo.

Mbiri yake ingakuthandizeni kulimbitsa mtima odwala. Mu 1929 dokotala wachinyamata wa ku Germany, Werner Forssmann, analowetsa kachubu mumtsempha wa mkono wake womwe mpaka kumtima, n'kukadzijambulitsa pa X-ray kuti anthu akhulupirire. Mu 1956 analandira mphoto ya Nobel pamodzi ndi André Cournand ndi Dickinson Richards. Mu 1977, ku Zurich, Andreas Grüntzig anaika kabaluni kunsonga ya kachubu n'kukapopa m'kati mwa mtsempha wodyetsa mtima umene unali utayamba kutsekeka, njira n'kutseguka. Mu 1986 madokotala anayamba kusiyamo kachubu ka waya wolukanalukana kuti mtsemphawo usabwererenso. Kameneka ndiko stent. Ndipo mu 2002, ku Rouen m'dziko la France, Alain Cribier analowetsa valavu yatsopano mumtima kudzera m'kachubu, osatsegula chifuwa.

Mawu akuti stent asiyeni momwemo, chifukwa ndi amene wodwala adzawaone pa khadi lake, koma afotokozeni: "kachubu ka waya kochirikiza mtsempha". Mneni woti kuchirikiza ndi woyenera ndithu, monga mzati uchirikiza denga. Valavu nayo muziti ndi kachitseko kolola magazi kupita mbali imodzi yokha. Ndaonapo ena akuyesa kupeka mawu atsopano a zinthu zimenezi. Cholinga n'chabwino, koma mawu amene sanamvekepo pakamwa pa munthu aliyense amafunanso kumasuliridwa.

Womasulira wina, amene wapatsidwa kalata yopempha odwala kulowa nawo m'kafukufuku, akufunsa za kuyesa ndi kuyeza, komanso mmene angamasulire randomisation. Iye analemba kuti "mudzaikidwa m'gulu mwachisawawa".

Kuyeza ndi kupima: timayeza magazi, timayeza kutentha kwa thupi, ndipo wodwala amapita kukayezetsa. Kuyesa n'kufuna kuona ngati chinthu chitheke kapena ngati chikugwira ntchito. Lemba limodzi lokha, koma "tikufuna kukuyezani" ndi "tikufuna kukuyesani" ndi nkhani ziwiri, ndipo yachiwiriyo imamveka ngati msampha. M'kafukufuku chimene chikuyesedwa ndi mankhwala kapena njira ya chithandizo, pamene munthuyo amayezedwa. Lembani kuti "kafukufuku woyesa mankhwala atsopano". Mawu akuti "kuyesera pa anthu" apeweni, koma osati pofuna kubisa kanthu. Kalatayo inene poyera kuti sizikudziwika ngati mankhwala atsopanowo aposa akale, kuti munthu ali ndi ufulu wokana, ndipo kuti akhoza kutuluka nthawi iliyonse osataya chithandizo chake. Mfundo zimenezi zinayamba kukhazikitsidwa ku Nuremberg mu 1947 ndi ku Helsinki mu 1964, dziko litaona zimene zimachitika munthu akasandutsidwa chida.

"Mwachisawawa" chotsani. Chisawawa n'kuchita zinthu mosasamala, mopanda dongosolo, ndipo palibe amene angapereke mutu wake kwa anthu ochita zachisawawa. Mawu amene tili nawo kale ndi maere. "Gulu limene mudzakhalemo lidzasankhidwa mwa maere, pa kompyuta. Inu simusankha, ndipo dokotala wanunso sasankha." Maere si maula, sakuombeza kanthu, ndipo aliyense amadziwa kuti amachitika pofuna kuti pasakhale kukondera. Chimenecho ndicho cholinga chake m'kafukufuku. Dokotala akamasankha yekha, akhoza kuika odwala amphamvu ku mankhwala amene iye amawakhulupirira, zotsatira n'kunama. Njirayi inatchuka ndi kafukufuku wa mankhwala a chifuwa chachikulu otchedwa streptomycin, amene zotsatira zake zinatuluka ku Britain mu 1948.

Womasulira yemweyo wafunsanso za median survival, ndipo apa ndikupemphani kuti mufatse. Chitsanzo ndi kafukufuku wotsogoleredwa ndi Roger Stupp, wofalitsidwa mu 2005, wa odwala glioblastoma 573. Ena analandira chithandizo cha cheza chopha maselo a khansa chokha, ena cheza pamodzi ndi mankhwala a temozolomide. Nambala zimene zinatuluka ndi miyezi 12.1 ku gulu loyamba ndi miyezi 14.6 ku gulu lachiwiri. Mukalemba kuti "wodwala amakhala ndi moyo miyezi 14.6", mwamuikira munthu tsiku, chimene kafukufukuyo sananene. Tanthauzo lake n'lakuti itakwana miyezi imeneyo, theka la odwala a m'gululo anali atamwalira ndipo theka lina anali moyo. Patapita zaka ziwiri, pafupifupi 26 mwa 100 alionse a gulu lachiwiri anali akadali moyo, poyerekeza ndi pafupifupi 10 mwa 100 a gulu loyamba. Choncho lembani chiganizo chonse, ngakhale chitalike: "Theka la odwala amene analandira chithandizochi anakhala ndi moyo kupitirira miyezi 14, ndipo ena mwa iwo anapitirira zaka ziwiri."