Dzuwa la ku Britain ndi vitamini D

Achemwali, mwafunsa chifukwa chake adokotala akuti vitamini D wanu ndi wochepa pomwe mumayenda panja tsiku lililonse ku Manchester. Thupi limapanga vitaminiyu khungu likawombedwa ndi cheza cha dzuwa chotchedwa UVB, koma kumeneko kuyambira Okutobala mpaka Malichi dzuwa limangowala, chezacho sichikwanira. Chinanso, khungu lathu lakudali lili ndi melanin (chinthu chopatsa khungu mtundu wake) wambiri amene amatchinga chezacho, ndiye timafunika nthawi yaitali padzuwa kuposa azungu. Kuothera dzuwa pawindo musadzivutitse nako, galasi limatsekereza UVB.

A NHS, bungwe la boma la zaumoyo ku Britain, amalangiza kumwa mamaikulogalamu 10 (10 mcg) a vitamini D patsiku m'miyezi imeneyi, ndipo akhungu lakuda chaka chonse. Mazira ndi nsomba zamafuta ngati mackerel zimathandizako, koma pazokha sizingakukwanireni.